Pasiwedi ya Pamaliro

Rauta yathu imakhala pamwamba pa kabati ya mbale, pafupi ndi wailesi imene inasiya kulankhula kalekale. Ndi kabokosi koyera ka timagetsi tobiriwira, kamene kamatipatsa intaneti. Bambo anaigula chifukwa cha ntchito yawo. Amakonza mapepala a mathiraki odutsa pa boda, ndipo ntchitoyo imawatsatira mpaka kunyumba. Dalaivala amatha kuimba ife tikudya, kunena kuti thiraki yaima chifukwa pepala lina silinafike, Bambo n'kusamba m'manja, kutsegula laputopu pambali pa mbale, n'kulitumiza. Ine ndilibe foni. Akuti ndidzakhala nayo ndikadzamaliza Folomu 4. Koma poti kusukulu timaphunzira za makompyuta, rauta ikavuta amaitana ine, ndipo ndimaikonza iwo ataimirira kumbuyo kwanga, akupumira pamutu panga.

Kuseri kwa nyumba yathu, kuno ku Mwanza boma, kuli mpanda wa tsekera. Kutsidya kwa mpandawo kumakhala banja limene linachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anabwera ali achinyamata, ndipo nkhondo itatha sanabwererenso. Abambo a pakhomopo ankakonza njinga pafupi ndi msika. Akazi awo timangowatchula kuti amayi akuseri. Iwo amanditchula menina, mmene amaitanira mtsikana kwawoko, ndipo kuyambira ndili wamng'ono mpaka chaka chatha sindinalankhulepo nawo mawu opitirira moni. Si kuti ndimawaopa. Ndimakhala choncho ndi anthu onse. Mawu ndimakhala nawo, koma amatuluka bwino ndikakhala ndekha ndi kope limene ndimalembamo za tsiku lililonse.

Chaka chatha, nyengo ya manachesi itangoyamba, abambo akuseri anamwalira. Mmene zimakhalira maliro akagwa pafupi, nyumba yathu inatsegulidwa yonse. Amayi anga anatulutsa mipando, mapoto akuluakulu ndi mgolo wa madzi. Anyamata anamasula mbali ina ya mpanda kuti azimayi aziphikira pabwalo pathu. Abale a malemu anali kutali, ena ku Zobue, ena ku Tete, ena ku Joni, ndipo anthu ankadandaula kuti kuimba kunja kukuwathera mayunitsi uthenga usanathe n'komwe. Bambo atamva zimenezo anandiitana.

"Tenga katoni. Ulembe pasiwedi ija ndi zilembo zazikulu, uipachike poonekera."

"Yathu ija?"

"Ilipo ina? Pamaliro saumira."

Ndinalemba mosamala kwambiri, ndikusiyanitsa bwino ziro ndi chilembo chofanana naye, n'kuipachika pa mtengo wa gwafa. Anthu akuluakulu ankaima pansi pa mtengowo akukopera zolemba zanga, ena atatsitsa magalasi pamphuno. Ndinamva bwino mumtima. Ndinali nditathandiza pamaliro popanda kulankhula ndi munthu.

Maliro atatha, mipando inabwerera, mapoto anabwerera atatsukidwa, mpanda unamangidwanso. Katoni ndinaichotsa ndekha, Amayi n'kukolezera mbaula. Koma pasiwedi inatsala m'mafoni mwa anthu. Anyamata a kabaza, amene kale ankadikirira makasitomala pamphambano, anayamba kuona kuti mthunzi wabwino uli pa geti lathu. Achemwali ena ogulitsa manachesi anasamutsa dengu lawo kuchoka kumsewu waukulu n'kudzaliika pomwepo. Ndikamachokera kusukulu ndinkapeza anthu atatsamira khoma lathu lakumaso, mitu ili pansi, aliyense akuseka ndi foni yake. Ankandipatsa moni mwaulemu kuposa kale.

Intaneti inayamba kukwawa. Bandulo imene Bambo ankagula kuti ifike kumapeto kwa mwezi inkatha mwezi uli pakati. Tsiku lina ndinawamva akulankhula ndi Amayi pakhonde.

"Mayi, maliro anatha."

"Anatha kwa inu. Kuseriko sanamete n'komwe."

"Ndiye anyamata a kabazawa nawonso ndi anamfedwa?"

"Dikirani pang'ono, bambo. Anthu anganene kuti tinkawerengera."

Bambo anadikira. Ine ndinasangalala kuti adikira, chifukwa ndinkadziwa chinthu chimene iwo sankachidziwa.

Zenera la chipinda changa limayang'ana kumpanda wakuseri. Masana aliwonse ndikamalemba ntchito ya kusukulu, amayi akuseri ankabwera ndi mkeka wawo n'kuuyala pafupi ndi mpandawo, pamene netiweki yathu imafika bwino. Mwa mwambo wa kwawo sankayenera kuchoka pakhomo kufikira abale a malemu atabwera kudzamaliza za maliro. Ankakhala okha, atavala zakuda, foni ili m'manja awiri, n'kuimbira mwana wawo pa vidiyo. Mwanayo ndi mmodzi yekha, wamkazi, anakwatiwa ku Tete. Kumaliro a bambo ake sanabwere chifukwa anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo masiku anali atayandikira.

Sindinkafuna kumvetsera, koma tsekera sabisa mawu. Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi chakwawo, ndipo zambiri ndinkamva.

"Tsitsa foniyo ndione mapazi. Ayi, enawo. Atupa. Ukumwa madzi?"

"Ndikumwa, mama."

"Apongozi ako akukupatsa ntchito yanji?"

"Palibe, mama. Mwandifunsa dzulo."

"Ndikufunsanso mawa. Ikadzayamba kuwawa usadzathamangire kulira. Udzandiimbire kaye, ndidzakuuza ngati ndi yeniyeni."

Nthawi zina sankalankhula n'komwe. Mwanayo ankasenda nandolo uko, iwo akusoka kuno, foni itatsamira njerwa. Akatseka foniyo ankakhalabe pamkekapo kanthawi, kenako n'kuupinda. Ndinalemba m'kope langa kuti m'tsiku lonse, nthawi imeneyo yokha ndi imene ndinkawamva akuseka.

Kenako mchemwali wa Amayi anathyoka mwendo ku Thambani, ndipo Amayi anapita kukawasamalira. Loweruka lotsatira pepala la Bambo linakana kupita. Kagudumu kankangozungulira pa laputopu, dalaivala akuimba mobwerezabwereza, ndipo panja anyamata ankakuwa chifukwa wina anali atagoletsa chigoli pa foni. Bambo anatseka maso, n'kuwatsegula. Anaika mapepala m'chikwama kuti akawapereke pamanja ku boda, laputopu n'kuisiya patebulo, zimene sachitachita.

"Ndikabwera ndipeze wasintha pasiwedi. Ya nyumba ino basi. Usauze munthu."

Mawu anali okonzeka pakamwa panga: nanga amayi akuseri? Ndi mawu atatu okha. Koma nkhope ya Bambo inali yotentha, ndipo ndisanawatulutse mawuwo iwo anali atafika kale pa geti, akuitana wa kabaza mmodzi mwa omwewo.

Ndinatenga laputopu n'kupita nayo kuchipinda kwanga. Kutseka rauta kuli njira ziwiri zimene tinaphunzira. Yoyamba ndi kusintha pasiwedi. Ukatero aliyense amatuluka, ndipo amene ukufuna kuti alowenso uyenera kupita kwa iye n'kumuuza yatsopanoyo. Yachiwiri ndi kuisiya pasiwedi momwe ilili, koma kuiuza rauta kuti izilola mafoni okhawo amene wawasankha. Ena onse, ngakhale ali ndi pasiwedi, imawakana.

Nditaiganizira njira yachiwiriyi mtima wanga unapepuka. Ndikanasankha laputopu, foni ya Bambo ndi foni ya amayi akuseri. Anthu a pa geti akanachoka, Bambo akanakhutira, amayi akuseri akanapitiriza kuona mwana wawo osadziwa kuti panasintha kanthu. Ndipo ine sindikanafunika kutsutsana ndi Bambo kapena kugogoda pakhomo la namfedwa. Ndinadziona wochenjera ndiponso wachifundo nthawi imodzi.

Vuto linali limodzi. Patsamba la rauta mafoni saoneka ndi mayina a eni ake. Amaoneka ngati manambala osakanikirana ndi zilembo, ndipo ambiri amafanana chifukwa anthu kuno amagula mafoni a mtundu umodzi. Njira yosavuta inali kupita kukapempha foniyo kuti ndione nambala yake. M'malo mwake ndinakhala pazenera n'kudikira. Ndinaganiza kuti amayi akuseri akangokhala pamkeka n'kuyatsa foni, nambala yatsopano ionekera patsambalo, ndipo imeneyo ikhala yawo.

Anabwera nthawi yawo ya masiku onse. Anayala mkeka, anakhala, anapukuta foni ndi nsonga ya chitenje. Ndinayang'ana pa laputopu, ndipo nambala yatsopano inali itaonekera pansi pa zinazo. Ndinaisankha. Ndinadikira mpaka atamaliza kulankhula ndi kupinda mkeka wawo, kenako ndinatseka. Posakhalitsa ndinamva kung'ung'udza ku geti, njinga zikuchoka imodziimodzi.

Bambo atabwera anayesa kutumiza pepala ndipo linapita ngati mphezi.

"Wasintha?"

"Ndatseka, Bambo."

"Wachita bwino. Sukulu ija sikupita pachabe."

Anaika laputopu m'chikwama n'kulowa nayo kuchipinda kwawo.

Tsiku lotsatira titachokera kutchalitchi ndinakhala pazenera ndi buku la sayansi. Amayi akuseri anayala mkeka wawo. Anadina foni, n'kudikira. Anadinanso. Anaikweza m'mwamba. Anakoka mkeka kuusendeza pafupi ndi mpanda mpaka phewa lawo linakhudza tsekera. Kenako anaimirira, anatenga mtondo, anaugadabuza n'kukwerapo, mayi wamkulu wovala zakuda, dzanja limodzi litagwira mpanda, lina litanyamula foni kuloza denga lathu. Ndinadzibisa kuseri kwa katani.

Nthawi yomweyo kumaso kwa nyumba kunamveka nyimbo ndi kuseka. Ndinazungulira n'kusuzumira pa mpata wa geti. Achemwali a manachesi anali pa malo awo, miyendo itatambasulidwa, akuonera vidiyo, anyamata awiri a kabaza atawazungulira.

"Achemwali, inu zikutheka bwanji? Ife yatikana tonse."

"Mumapemphera inu? Foni yanga imapita kutchalitchi."

"Bodza. Mwawadyetsa manachesi abwana a m'nyumbamu."

"Ndidyetse ndani? Netiweki imadziwa nkhope, achimwene. Inu kasambeni kaye."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Dzulo lake, nthawi imene amayi akuseri ankapukuta foni yawo, achemwaliwa ayenera kuti anali akufika pa geti ndi dengu lawo, mbali imene zenera langa silionako. Nambala ndinasankha ija inali yawo.

Kukonza kunali kosavuta, ntchito yosatha ndi nthawi yophika tiyi. Koma kunkafuna zinthu ziwiri. Choyamba laputopu, imene masana imakhala ndi Bambo ku boda, ndipo akabwera nayo imakhala pamaso pawo kapena kuchipinda kwawo, kumene ine sindilowako chikulireni. Kuti ndiipemphe ndinayenera kunena chifukwa, ndiye kuti kuvomera kuti sindinachite zimene anandiuza. Chachiwiri foni ya amayi akuseri m'manja mwanga, chifukwa kulosera kunali kutandinamiza kale. Kuti ndiipemphe ndinayenera kuwauza kuti tinawatsekera panja asanamete.

Ndinalemba m'kope mawu oti ndikanene. Ndinalemba a kwa Bambo, ndinalemba a kwa amayi akuseri, ndinafufuta, ndinalembanso. Papepala ankaoneka aulemu ndi omveka. M'mawa uliwonse ndinkati lero, ndipo madzulo aliwonse ndinkapeza chifukwa: Bambo atopa, Bambo akwiya ndi dalaivala, kuseri kwabwera alendo a kumpingo.

Amayi akuseri anapitiriza kubwera pampanda masana. Sankakweranso pamtondo. Ankangokhala, kudina, kudikira, n'kuika foni pamiyendo.

Tsiku lina ndinaphika futali wambiri dala kuti ndipeze chonyamula. Ndinazungulira mpanda, ndinaodira, ndinagwada n'kupereka mbale.

"Menina, wabwera wekha lero? Amayi ako akupeza bwanji ku Thambani?"

"Ali bwino."

"Zikomo, mwana wanga. Khala pansi."

Ndinakhala m'mphepete mwa mkeka. Foni inali pomwepo, pafupi ndi bondo langa. Inali ndi mng'alu pakona, ndipo kumbuyo anaimanga ndi mphira.

"Iyi yakalamba ngati mwini wake," anatero ataona kuti ndikuiyang'ana. "Yasiya kugwira. Ankaidziwa ndi malemu, ankangoimenya pa bondo n'kuyamba. Ine ndamenya, yakana. Mawa amayi a kumpingo aitengera kwa wokonza kumsika."

Ndinadziwa kuti foniyo ilibe vuto. Ndinadziwanso kuti ikapita kumsika, mwana wawo sadzatha kuwapeza ngakhale pa kuimba wamba. Ndinatsegula pakamwa.

"Pepani," ndinatero.

"Pepani wa chiyani, iwe? Zinthu zimakalamba."

Anayamba kudya futali, akuyamikira kuti nsinjiro ndathira bwino. Ndinadikira mbale, ndinatsanzika, ndinapita. Mawa lake foni inapita kumsika.

Masiku otsatirawo mkeka sunabwerenso pampanda. Ndinkawamva akusesa, akutsuka mbale, akulankhula ndi nkhuku. Tsiku lina ndinawamva akufunsa amayi a kumpingo aja ngati wokonza wamaliza, ndipo anayankhidwa kuti akuti sanapezebe chavuta, aitsegula mkati. Madzulo ena anaima pampanda n'kufunsa Bambo, amene ankatsuka nsapato kuseri, ngati pali dalaivala wodziwika wochokera ku Tete amene angakhale ndi uthenga. Bambo anati afunsa. Ine ndinali pazenera, cholembera chili m'manja. Kusukulu aphunzitsi a masamu anandifunsa ngati ndikudwala.

Amayi anabwera kuchokera ku Thambani Loweruka lina m'mawa, pa pikiapu, atanyamula thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo. Atasamba ndi kumwa tiyi anatenga foni yawo kuti auze abale kuti afika bwino.

"Iyi bwanji ikukana?"

"Tinasintha pasiwedi," anatero Bambo. "Anthu aja anatha ngati makatani. Iwe, apatse amayi ako yatsopano."

Ndinaima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi m'manja.

"Wamva? Apatse."

"Palibe yatsopano, Bambo."

"Palibe bwanji?"

Ndinaika thireyi pansi. Ndinanena zonse, osati mwadongosolo ngati m'kope muja, koma modukaduka, maso ali pa simenti: za njira yachiwiri, za zenera, za nambala yolakwika, za mtondo, za foni imene ili kumsika popanda vuto.

"Ndani anakuuza kuti utsekere amayi akuseri?" anafunsa Bambo.

"Munati ya nyumba ino basi."

"Ndiye kuseriko ndi kunja? Ine ndinkanena anyamata a mpira aja." Anaima kaye, n'kudzikanda m'mutu. "Sindinawaganize n'komwe. Ukanangondikumbutsa. Pakamwa unapatsidwa pa chiyani?"

Amayi sanandikalipire. Anangofunsa funso limodzi.

"Mwana uja masiku ake anali liti?"

"Anali atayandikira."

Anamanga chitenje n'kutuluka. Anapita okha kumsika, ndipo anabwera ndi foniyo, mphira wake uli pomwepo. Wokonza anali asanaitsegule. Anaiika patebulo pafupi ndi laputopu.

Bambo anati tichite zimene tinayenera kuchita poyamba. Ndinachotsa zosankha mafoni zija, ndinaika pasiwedi yatsopano yaitali, ndinailowetsa mu laputopu, mu foni ya Bambo, mu ya Amayi. Kenako ndinatenga ya amayi akuseri n'kuilowetsanso. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako foniyo inanjenjemera m'manja mwanga. Ndinaiika patebulo ndipo inapitiriza kunjenjemera, kulira, kunjenjemera, ikusuntha yokha pang'onopang'ono kulowera kumphepete. Tonse atatu tinangoiyang'ana. Palibe anaigwira mpaka inasiya.

"Kapereke wekha," anatero Amayi. "Ukanenenso wekha."

Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada patali pang'ono, ndinapereka foni ndi manja awiri, ndipo ndinanena. Ulendo uno mawu anatuluka, mwina chifukwa anali atadutsa kale kamodzi. Anamvetsera osandidula, dzanja lili m'lichero.

"Ndiye foni sinadwale?"

"Sinadwale."

"Ndinaitukwana chabe." Anaitembenuza, n'kuona chiwerengero cha mauthenga. Nkhope yawo inasintha. "Bwera kumpanda. Undithandize kudina."

Tinakhala pansi popanda mkeka. Anali mauthenga a mawu, ndipo ndinkadina umodzi ukatha wina. Oyambirira anali wamba. Mama, foni yanu yatani? Mama, lero ndaphika nsomba. Kenako mawu anayamba kusintha.

"Mama, mwakwiya? Ngati ndi za maliro, mukudziwa kuti sindikanatha kubwera."

Ndinadina wotsatira.

"Mama, msana ukundiwawa kuyambira m'mawa. Ikubwera n'kusiya. Ndi yeniyeni kapena ayi? Munati ndikuimbireni."

Wotsatira unali waufupi, mpweya wokhawokha ndi mawu amodzi, mama. Wina anali mwamuna wake akulankhula mofulumira m'Chipwitikizi, kumbuyo kukumveka galimoto. Amayi akuseri anagwira mkono wanga mwamphamvu, zikhadabo zikulowa, ndipo sindinausunthe. Ndinadina wina. Munali phokoso la zitsulo, mawu a anthu ambiri, kenako kulira kwa khanda, kopyapyala, kokwiya.

Anatulutsa mpweya wautali n'kunena mawu ena a chakwawo amene sindinawamve. Misozi inatsika koma sanaipukute.

Panali mauthenga enanso. Wamkazi, mama. Mama, mchombo ndiziusamala bwanji, apongozi akunena zina, anamwino zina. Mama, sakuyamwa bwino. Pambuyo pake ndinamva kuti mwana wawoyo anayesanso kuimbira Amayi anga, koma kumudzi kumene anali ku Thambani netiweki imapezeka pachulu pokha. Uthenga womaliza unali wa mawu otsika, osalira.

"Basi, mama. Ndasiya kukuvutitsani."

Amayi akuseri anandiuza kuti ndiimbe. Foni inaitana nthawi yaitali. Kenako nkhope inaonekera, yotopa, tsitsi lomangidwa ndi duku. Ine ndinasendera pambali kuti ndisaoneke.

"Muli moyo?"

"Ndili moyo, mwana wanga. Iwe uli bwanji? Mwana ali bwanji?"

"Munali kuti?"

Ndinadikira kuti anene. Ndinali nditakonzeka kuti atembenuze foni n'kuloza ine.

"Foni inawonongeka. Inali kwa wokonza."

"Foni? Mwanza yense foni ndi imodzi? Simukanabwereka? Bambo akanakhalapo akanayenda wapansi mpaka kuno."

Amayi akuseri anangoti, "Ndionetse mwana."

"Wagona."

"Ndingomuona nkhope."

"Wagona, mama. Ndidzakuimbirani."

Chithunzi chinazima. Ku geti kwathu kunkamveka achemwali a manachesi akudandaulira munthu wina kuti foni yawo yabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro.

"Amayi," ndinatero, ndipo anali mawu oyamba amene ndinayamba ndekha kwa iwo osatumidwa ndi munthu m'moyo wanga wonse, "imbaninso. Ndiwauze kuti ndine. Ndiwauze zonse."

"Ayi."

"Akukwiyira inu pa zimene ndinachita ine."

"Andikwiyire. Ine ndine mayi wake, adzatopa. Akakwiyira iwe sadzatopa, ndipo tsiku lina adzabwera ndi mwanayo kudzakhala kuseri kwa mpanda uwu. Ukufuna azidzakudutsa osakupatsa moni?"

"Koma si zoona."

"Zoona ndazimva ine. Zakwana." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Pita ukawerenge, menina. Foniyi isiye pompano, pa njerwapa. Mwina adzuka msanga."

Ndinaitsamiritsa pa njerwa, kamera ikuyang'ana iwo, ndinaonetsetsa kuti netiweki yadzaza, ndipo ndinabwerera kwathu. Ndinakhala pazenera ndi buku lotsegula. Iwo anatenga lichero lawo la nyemba n'kudzakhala pamaso pa foniyo. Anasankha nyemba zonse, anazithira m'mbale, kenako anazibwezera m'lichero n'kuyambanso.